Filimu yopanda mawu ikakana kumveka: kuthetsa mavuto a magulu a ophunzira ku Mzuzu

Aphunzitsi a zisudzo ndi a zofalitsa mauthenga amakonda kugawa ophunzira m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi kuwapatsa ntchito yopanga filimu ya mphindi zitatu kapena zisanu yopanda mawu. Poimva koyamba ntchitoyi imaoneka yopepuka, chifukwa palibe woti aloweze mawu pamtima, palibe kufunafuna maikolofoni, ndipo phokoso la njinga zamoto ndi maminibasi a mumsewu wa M1 silisokoneza kanthu. Komabe pa tsiku loonetsa vuto lomwelomwelo limabwerezabwereza: filimu ikatha oonera amayang'anana, wina n'kufunsa kuti mtsikana uja amalira chifukwa chiyani, ndipo mmodzi wa gululo amaimirira n'kuyamba kulongosola nkhani imene filimuyo inayenera kulongosola yokha. Vuto limeneli ndi limene tililondole mpaka pamene limayambira, kenako tikhudze ena amene amayenda nalo limodzi, makamaka obwera chifukwa cha nyengo ndi malo a kuno ku Mzuzu.

Pamene oonera sakuimva nkhani

Kawirikawiri gwero la vutoli si kamera, si osewera, ndiponso si kompyuta imene inalumikizira zidutswa za filimuyo. Gwero lake ndi lakuti gululo linalemba sewero loyankhula monga momwe linazolowerera pa zisudzo za kusekondale, linajambula anthu akuyankhulana, pomaliza n'kungochotsa mawuwo. Chotsala ndi anthu awiri ataima moyang'anana, milomo ikugwedera, manja akuponyedwa uku ndi uku, pamene chimene chikuwakanganitsa chinapita limodzi ndi mawu aja. Njira yodziwira ngati filimu yanu ili ndi nthenda imeneyi ndi yachidule: werengani zidutswa zonse zimene mwajambula, ndipo muone kuti ndi zingati mwa izo zimene zikuonetsa anthu akungoyankhula. Zikafika theka, musataye nthawi ndi kukongoletsa zithunzi kapena kufunafuna nyimbo, chifukwa pofunika kukonza ndi papepala.

Pobwerera papepalapo lamulo likhale limodzi, lakuti mzere uliwonse unene chinthu chimene kamera ingathe kuchiona. Mawu onga akuti "akuganiza", "akukumbukira", "akudziwa" kapena "ali ndi nkhawa" afufutidwe, popeza palibe foni imene ingajambule za mumtima mwa munthu. Tiyerekeze kuti gulu lalemba kuti, "Mayi ataya ndalama za fizi ya mwana wawo ndipo asowa mtengo wogwira." Woonera sangadziwe kuti ndalamazo zinalipo, kuti zinali za fizi, kapena kuti zatayika, pokhapokha ataonetsedwa zinthu zitatuzi chimodzi ndi chimodzi. Choncho chiganizo chimodzicho chisanduke zochitika zotsatizana. Mayi ali kudepoti, amasula mfundo ya pansonga ya chitenje, ndipo kamera iyandikira mpaka tiona zala zawo zikuwerenga ndalama zamapepala zopindapinda. Akweza maso, tiona mtsikana atavala yunifolomu, atanyamula sutikesi ndi ndowa. Mayi amanganso mfundo ija, koma chifukwa wakabaza akuwafulumizitsa, aimanga kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Njinga idumpha padzenje, ndalama zigwera m'mbali mwa msewu, eni ake akupitirira osacheuka. Pageti la sukulu mayi agwira pansonga paja, apeza nsalu yokhayokha, aikutumula, aikutumulanso, kenako akhala pansi, ndipo mtsikana atula ndowa yake pang'onopang'ono. Palibe amene wayankhula, komanso palibe amene angafunse chimene chachitika. Chofunika kuchisunga pamenepa ndi chakuti chinthu chimene chidzatayike chaonetsedwa pafupi chisanatayike. Magulu ambiri amadumpha chidutswa cha zala zija poganiza kuti ndi chosafunika, chonsecho ndi chimene chasenza nkhani yonse.

Nthawi zina nkhani imakana kumveka chifukwa yakula kuposa mphindi zimene mwapatsidwa. Popeza aliyense m'gulu amafuna kuti ganizo lake lilowemo, filimu ya mphindi zinayi imapezeka ili ndi chikondi, ufiti, mayeso, matenda ndi ulendo wa ku Joni, ndipo akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Muyeso wabwino ndi mtengambali mmodzi amene akufuna chinthu chimodzi chooneka ndi maso, chopinga chimodzi, ndi malo osapitirira atatu. Ubale wa anthu nawo ndi wovuta kuuonetsa popanda mawu: mayi ndi mwana amadziwika msanga, koma amalume, mlamu kapena mkazi wachiwiri sadziwika pankhope, kotero nkhani imene yatsamira pa ubale wotere ndi bwino kuisintha isanajambulidwe.

Musanatuluke ndi foni kukajambula, yesani nkhaniyo pa munthu amene sali m'gulu lanu. Jambulani zithunzi zosayenda, chimodzi pa chochitika chilichonse, muziike m'ndandanda wake, ndipo mukaonetse amayi ogulitsa mandasi pageti kapena abambo olondera pahositelo. Funso likhale lokhalo lakuti, "Amayi, tatiuzani chimene mwaona apa," ndipo mukafunsa mutseke pakamwa, ngakhale ataisokoneza nkhaniyo. Pamene iwo asokera ndi pamene pakusowa chidutswa. Kuyesa kumeneku kumatha theka la ola, pamene kubwerera kukajambulanso kumadya Loweruka lathunthu.

Osewera akukokomeza

Ophunzira ambiri akamva kuti filimu ilibe mawu amaganiza kuti ayenera kutong'ola maso, kugwira pamtima ndi manja onse awiri ndi kudzigwetsa pansi. Kachitidwe kotere kali ndi malo ake pabwalo la zisudzo, pomwe woonera wakumbuyo ali kutali ndipo saona chikope chikuphethira. Kamera ya foni ikayandikira nkhope, kusuntha pang'ono kwa maso kumaoneka kwakukulu, ndipo kukokomeza kumasandutsa nkhani yachisoni kukhala nthabwala. Buster Keaton, mmodzi mwa akatswiri a mafilimu opanda mawu a ku America m'zaka za m'ma 1920, ankadziwika ndi nkhope yosasintha, ndipo anthu ankaseka kapena kumumvera chisoni chifukwa cha zimene zinkachitika momuzungulira.

Pali chifukwa chake chodziwika bwino. Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa kuti nkhope imodzimodzi yosaonetsa kanthu ikatsatiridwa ndi chithunzi cha chakudya oonera amaona njala, ndipo ikatsatiridwa ndi bokosi la maliro amaona chisoni. Tanthauzo limabadwa pamene zidutswa ziwiri zakumana. Kotero wosewera wanu akalephera kuonetsa mantha, musamukakamize kunjenjemera. Muuzeni angoyang'ana mbali imodzi osachita kanthu, kenako mujambule chimene akuyang'anacho, wolumikiza zidutswa adzamaliza ntchitoyo.

Mwayi umene magulu a kuno ali nawo, koma sauona, ndi wakuti anthu athu amayankhula kwambiri ndi thupi. Mwana akalandira chinthu ndi manja awiri, mtsikana akagwada popereka madzi, mnyamata akavula chipewa pamaso pa akuluakulu, munthu akagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere popereka moni, woonera amadziwa nthawi yomweyo kuti wamkulu ndani ndipo wamng'ono ndani. Kugwira tsaya kumanena nkhawa, kuika manja kumutu kumanena tsoka lalikulu, ndipo kuloza munthu ndi mlomo kumanena miseche kapena chipongwe. Mphamvu yaikulu imaoneka pamene mwambo waswedwa: mnyamata amene pachiyambi analandira ndalama kwa bambo ake ndi manja awiri, koma pamapeto waitsomphola ndi dzanja lamanzere osawayang'ana, wafotokoza kusintha kwa khalidwe lake kuposa momwe tsamba lathunthu la zoyankhula likanachitira. Mu mzinda ngati Mzuzu, momwe kalasi imodzi imakhala ndi oyankhula Chitumbuka, Chitonga, Chingonde ndi Chichewa, zizindikiro zimenezi zimamveka kwa onse mofanana. Langizo lina laling'ono ndi lakuti osewera achepetse kugwedeza milomo, chifukwa woonera akaona mlomo ukuyenda amasiya kutsatira nkhani n'kuyamba kuyesa kuwerenga mawu pamlomopo.

Mawu olembedwa achuluka

Gulu likazindikira mochedwa kuti nkhani yake sikumveka, limathamangira kuika mawu olembedwa pakati pa zidutswa, mpaka filimu imasanduka kalata yowerenga pakhoma. Mafilimu akale ankagwiritsadi ntchito makadi otere, koma opanga aluso ankawaona ngati chinthu chobwera posowa pogwira. Mu 1924 F. W. Murnau wa ku Germany anapanga filimu yotchedwa Der letzte Mann, yonena za mlonda wa pakhomo la hotela amene anatsitsidwa paudindo, ndipo anaifotokoza pafupifupi yonse popanda makadi a zoyankhula. Yunifolomu imene bamboyo analandidwa ndiyo inanena zonse. M'maganizo mwanga, filimu ya ophunzira ya mphindi zinayi isapitirire makadi anayi kapena asanu, ndipo asungidwire zinthu zimene kamera singathe kuonetsa, monga kudumpha kwa nthawi kapena dzina la malo. Khadi lonena kuti "Mayi akhumudwa" pamene tikuwaona atakhala pansi pageti ndi lonyoza woonera.

Khadi likhale ndi mawu ochepa, zilembo zoyera zikuluzikulu pamalo akuda, ndipo likhale pasikirini nthawi yokwanira kuti munthu aliwerenge mokweza kawiri mosathamanga. Ngati mukulemba m'Chitumbuka kapena mukutsata kalembedwe kokhala ndi chilembo cha ŵ, yesani kaye mtundu wa zilembo umene mwasankha, chifukwa mitundu ina yokongoletsedwa ilibe chilembochi ndipo imaika kabokosi m'malo mwake. Muthanso kubisa mawuwo m'kati mwa chithunzi chenicheni: chikwangwani cha sukulu, risiti, kapena uthenga wa pafoni wojambulidwa pafupi.

Woonera wasokera njira

Pali vuto lina limene oonera amalimva koma sadziwa kulitchula. Tinene kuti wakabaza wabwerera, watola ndalama zija ndipo akuthamangira kusukulu. M'chidutswa choyamba akupalasa kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa sikirini, koma m'chachiwiri wojambula anawoloka msewu n'kujambula ali tsidya lina, ndiye njinga ikuoneka ikuchokera kumanja kupita kumanzere. Woonera amaganiza kuti munthuyo wasintha maganizo ndipo akuthawa ndi ndalamazo. M'filimu yoyankhula mawu akanakonza chisokonezochi, koma muno mulibe chokonzera. Njira yake ndi kuyerekeza mzere wowongoka wotsata njira imene munthu akuyenda, kapena wolumikiza anthu awiri amene akuyang'anana, ndipo kamera ikhale mbali imodzi yokha ya mzerewo mpaka chochitikacho chithe. Ngati mwajambula kale molakwika, mapulogalamu ambiri ali ndi njira yotembenuza chithunzi monga pagalasi, koma yang'anani kaye ngati mulibe zolemba kapena nambala ya galimoto, chifukwa nazonso zidzatembenuka.

Kuwala kwa ku Mzuzu

Mzinda uno uli pamwamba, pa mapiri a Viphya, ndipo thambo lake silikhazikika. M'miyezi ya June ndi July m'mawa kumacha ndi chifunga ndi mvula yamawawa, pofika cha m'ma 10 koloko dzuwa lawala, masana mitambo yabweranso. Ndipo mvula yeniyeni imene imayamba cha mu November kapena December imatha kupitirira mpaka mu April ndi May. Zotsatira zake ndi zakuti zidutswa ziwiri za chochitika chimodzi, zojambulidwa motalikirana ndi ola limodzi lokha, zimaoneka ngati za masiku osiyana. Mankhwala ake oyamba ndi kujambula chochitika chimodzi chonse nthawi imodzi mosapumira, kuyambira ndi chidutswa choonetsa malo onse, chifukwa nkhope zojambulidwa pafupi n'zosavuta kuzibwereza pamthunzi nthawi ina. Achiwiri ndi kuletsa foni kuti isamadzisinthire yokha kuwala: pa mafoni ambiri, mukadina ndi kugwiritsa chala pankhope ya wosewera kwa masekondi awiri, foni imasiya kusinthasintha kuwala ndi malo amene ikuyang'ana. Pa mafoni a Android amene alibe njirayi, pulogalamu yaulere ya Open Camera imathandiza.

Nkhope zikamatuluka zakuda bii mosaoneka maso, chifukwa chake nthawi zambiri ndi thambo loyera limene lili kumbuyo kwa wosewera. Foni imayeza kuwala kwa thambolo n'kudetsa china chilichonse, ndipo khungu lathu ndi limene limayamba kutayika. Mutembenuzeni wosewera kuti kumbuyo kwake kukhale khoma la njerwa, mpanda kapena mitengo, ndipo mmodzi wa gulu agwire pepala loyera lalikulu la matchati chapansi pang'ono pa nkhope kuti libweze kuwala m'maso. Dzuwa la pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko limakhala pamutu ndipo limaika mithunzi m'maenje a maso, choncho nthawi yabwino ndi m'mawa chifunga chikangochoka kapena kuyambira cha m'ma 3 koloko. Musadalire kwambiri madzulo, chifukwa kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, m'nyengo yozizira nthawiyo isanakwane n'komwe, ndipo mdima umagwa msanga. Tsiku la mitambo yosagwa mvula ndi labwino kuposa momwe ambiri amaganizira, popeza kuwala kwake kumafika pankhope mofanana.

M'nyumba vuto limakhala lina. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pachithunzi kapena kuwala kukuphethira, dziwani kuti magetsi a m'Malawi amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamene mafoni ambiri amabwera atatcheredwa kujambula zithunzi 30 pa sekondi, muyeso wogwirizana ndi maiko a 60 Hz monga America. Mababu a machubu ndi ena otsika mtengo amaphethira motsatira magetsiwo, ndipo kamera imakuona kuphethirako ngakhale maso athu sakuona. Sinthani pa foni pamene palembedwa fps, kutanthauza chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, kuti pakhale 25, kapena zimitsani babu n'kumukhazika wosewera pafupi ndi zenera. Njira ya zenerayi ili ndi ubwino winanso wakuti magetsi akazima ntchito siima.

Zakuda ndi zoyera, ndiponso liwiro

Magulu ambiri amachotsa mitundu kuti filimu ioneke yachikale, ndipo apa pali msampha. Chitenje chofiira ndi chobiriwira zikhoza kutuluka zotuwa mofanana, kotero ngati mumadalira mtundu wa chovala kuti oonera asiyanitse atsikana awiri, adzawasokoneza. Siyanitsani ndi zinthu zimene sizidalira mtundu: wina avale duku, wina asavale, wina zoyera, wina zakuda, wina zamizeremizere. Jambulani ndi mitundu yonse, muichotse polumikiza, koma zovala muziyese kaye pa chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera musanayambe.

Za liwiro, ambiri amakhulupirira kuti anthu a m'mafilimu akale ankayenda mothamanga mwadala. Chinkachitika kwambiri ndi chakuti mafilimuwo ankajambulidwa ndi kamera zopukusa pamanja, ambiri pa zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, ndipo mafilimu oyankhula atafala kuyambira mu 1927 muyeso unakhazikika pa 24, kotero akale aja akaonetsedwa pa makina atsopano ankathamanga. Ngati mukufuna maonekedwe amenewo pa chochitika choseketsa, onjezani liwiro pang'ono chabe, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chochitika cha mayi pageti la sukulu chisiyeni pa liwiro lake.

Kusagwirizana kwa zovala ndi zinthu kumabwera chifukwa chojambula masiku osiyana. Wosewera amabwera Lolemba atameta, mtsikana waluka tsitsi lina, ndowa imene inali kudzanja lamanja ili kumanzere, pansi pamene panali fumbi pali matope. Munthu mmodzi apatsidwe ntchito yokhayo yojambula chithunzi cha wosewera aliyense pa mapeto a tsiku ndi kusunga zovala zonse m'chikwama chimodzi, osalola kuti wina apite nazo kwawo.

Kujambula pamsika ndi pamsewu

Msika waukulu wa mu mzinda, wa Taifa, wa Zigwagwa kapena depoti ndi malo okopa maso, koma ndi komwenso magulu amabwezedwa kapena kukangana ndi anthu. Tengani kalata ya kusukulu yokhala ndi chidindo, mukaonane ndi akuluakulu a msika tsiku lisanafike, ndipo aliyense amene benchi lake kapena nkhope yake idzaoneke bwino apemphedwe mwaulemu. Wokana asakakamizidwe. Ana asajambulidwe popanda chilolezo cha makolo awo, ndipo kamera isalozedwe ku malo a asilikali, a polisi kapena ku bwalo la ndege popanda chilolezo cholembedwa.

Chenjezo lalikulu likhudza nkhani za wakuba, zimene ophunzira amazikonda chifukwa zimamveka mosavuta popanda mawu. Mnyamata akatsomphola chikwama n'kuthamanga pakati pa msika, anthu amene sanaone foni yojambula sadziwa kuti ndi sewero, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitikira munthu wokuwiziridwa kuti ndi wakuba. Chochitika chotere chijambulidwe m'kati mwa mpanda wa sukulu, anzanu a m'kalasi atakhala ngati ogula ndi ogulitsa, ndipo kumsika kwenikweni mukangotengako chithunzi choonetsa malo. Zidutswa ziwirizi zikalumikizidwa, woonera adzakhulupirira kuti zonse zachitikira kumsika. Anthu odutsa akamayang'ana mu kamera kapena kubayibitsa, ikani foni pamalo okhazikika, padenga la galimoto yoima kapena pathumba la mchenga, mudikire mpaka atatopa nanu. Kukhazika foni kotereku kumathetsanso kugwedera kwa chithunzi. Foniyo ikhale chogona osati choimirira, galasi lake lipukutidwe, ndipo m'malo mokokera chithunzi pafupi ndi zala, wojambula asendere yekha.

Wina sakubwera, mafayilo asowa

Pa gulu la anthu asanu ndi mmodzi, sipalephera wina woitanidwa kumudzi ku Rumphi kapena ku Karonga chifukwa cha maliro kapena matenda, winanso wokhala kutali monga ku Ekwendeni amene ndalama yoyendera yamuthera. Izi si zoti mukwiye nazo, koma zoti muzikonzekere. Zochitika zonse za mtengambali wamkulu zijambulidwe m'masiku awiri oyambirira, ntchito iliyonse ya kuseri kwa kamera ikhale ndi wachiwiri wake, ndipo pakhale kope lolembamo amene wabwera tsiku lililonse. Kopelo limathandiza pamene nkhani ya malikisi yafika, ndipo ngati wina wasowa kawiri popanda chifukwa, aphunzitsi auzidwe sabata yomweyo, osati usiku woti mawa mukupereka ntchito.

Mafayilo nawo amapweteketsa magulu ambiri. Mphindi imodzi ya vidiyo ya 1080p, womwe ndi muyeso wa kukula kwa chithunzi, imadya pakati pa 60 MB ndi 130 MB kutengera foni, ndipo filimu ya mphindi zinayi imafuna kujambula mphindi makumi angapo, choncho foni ipatsidwe malo tsiku lisanafike. Kujambula pa muyeso wokulirapo wa 4K n'kosafunika, chifukwa kumadzaza foni ndi kulemetsa laputopu. Musatumizirane zidutswa pa WhatsApp monga vidiyo wamba, popeza zimapanikizidwa n'kusiya kuoneka bwino. Gwiritsani ntchito chingwe, kapena zitumizeni monga document. Madzulo a tsiku lililonse zonse zikoperedwe pa malo awiri osiyana, osungidwa ndi anthu awiri osiyana, ndipo fayilo iliyonse ipatsidwe dzina lonena chochitika ndi nambala yake. Laputopu ikakhala yofooka, mapulogalamu olumikizira zidutswa a Shotcut kapena Kdenlive, omwe ndi aulere, amayenda mopepuka kuposa a DaVinci Resolve. Onetsetsaninso ngati pulogalamu ya pafoni imene mwasankha siika chizindikiro chake pa filimu yomalizidwa.

Nyimbo ndi tsiku loonetsa

Mafilimu opanda mawu sankaonetsedwa m'chipinda cha zii. M'maholo a ku Ulaya ndi ku America munkakhala woimba piyano, limba kapena gulu lonse la oimba, ndipo ku Japan kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa sikirini n'kumafotokoza, ntchito yofananako ndi ya anyamata amene amamasulira mafilimu m'Chichewa m'mavidiyo shoo athu. Pa ntchito ya m'kalasi wofotokoza saloledwa, koma nyimbo nthawi zambiri imaloledwa, ndipo ndi bwino kufunsa aphunzitsi poyambirira pomwe. Cholakwika chofala ndi kuika nyimbo yotchuka yokhala ndi mawu, imene imalowetsa kuyankhula mozemba ndi kukokera maganizo a oonera kwa woimbayo. Palinso nkhani ya umwini: nyimbo za oimba zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, bungwe la Copyright Society of Malawi (COSOMA) ndi limene limayang'anira zimenezi, ndipo filimu yoikidwa pa YouTube kapena Facebook ndi nyimbo ya mwini ikhoza kutsekedwa mawu kapena kuchotsedwa.

Njira yosavuta ndi kupanga nyimbo yanuyanu. Pa sukulu iliyonse pamapezeka woimba gitala, woimba kiyibodi wa kwaya, kapena wodziwa ng'oma ndi visekese. Malizani kaye kulumikiza filimu, kenako woimbayo aimbe akuionera pa laputopu, foni ina ikujambula mawu ili patali pafupifupi mita imodzi, m'chipinda chokhala ndi makatani kapena matiresi, pa nthawi imene mvula sikugunda malata. Nyimbo isalire kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Pamene mayi akukutumula chitenje, ng'oma ikhoza kuleka, n'kudzayambanso wakabaza akatulukira.

Filimu yomalizidwa itulutsidwe monga MP4 ya 1080p, ikoperedwe pa fulashi ziwiri ndi pa foni imodzi, ndipo iyesedwe pa projekita yomwe idzagwiritsidwe ntchito kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Projekita ya m'kalasi yokhala ndi mazenera opanda makatani imafafaniza zithunzi zakuda, kotero chochitika cha usiku chimene chimaoneka bwino pa foni chikhoza kusowa pakhoma. Mukaona choncho, onjezani kuwala kwa zidutswa zimenezo n'kuitulutsanso. Sipika yaing'ono ibwerekedwe padera chifukwa ya laputopu simveka kumbuyo kwa kalasi, ndipo laputopu ndi sipikayo zitchajidwe usiku wake, kuti magetsi akazima kalasi ithe kuonera m'timagulu pa sikirini ya laputopuyo.